Tsitsi la Amalume Linali ndi Eni Ake

Lamulo la tsitsi ndinaliwerenga ndi maso anga mu ofesi ya kalaliki wa khoti ku Balaka. Linkati mwamuna akaimirira chilili, tsitsi la kumutu kwake lisatsike kupyola mzere wongoganizira wozungulira mutu podzera pakamwa. Ndevu sankaziwerengera. Wopyola mzerewo ankatengedwa ngati munthu wosokoneza, wosowa chochita, ndipo ankatha kukaonekera kubwalo la milandu. Izi zinali m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi, pamene boma linkayezanso kutalika kwa madiresi a amayi ndi kukula kwa miyendo ya mathalauza.

Ine ndinali nditangophunzira utolankhani ku Blantyre, ndipo anandituma ku Balaka kuti ndizilemba za thonje, za sitima ndi za misonkhano ya chipani. Nkhani za thonje zinkatha msanga, za misonkhano zinkafanana zonse, motero nthawi ndinali nayo yambiri. Kalalikiyo ankandilola kuwerenga mabuku a m'kabati mwake, bola ndisatuluke nawo. Mmenemo ndinapeza malamulo aakulu oyendetsera dziko. Amene tinalandira nawo ufulu wodzilamulira mu 1964 anali ndi mutu wathunthu wa maufulu a munthu. Amene analowa m'malo mwake mu 1966 mutuwo anauchotsa, nkusiya chiganizo chimodzi: chakuti boma ndi anthu ake apitiriza kulemekeza maufulu olembedwa m'chikalata chimene maiko a dziko lapansi anagwirizana mu 1948. Chikalatacho kalaliki anali nachonso, pansi penipeni pa kabati, njenjete zitachidya m'mphepete. Ndinachiwerenga mpaka kuchiloweza. Ndinali pa msinkhu umene munthu amakhulupirira kuti chinthu chikalembedwa ndiye kuti chilipo.

Oyamba kuwayesera nzeru zangazi anali amalume anga, mlongo wawo wa amayi. Iwo anali mkamwini kwa Mposa, m'mudzi wa alimi a mpunga cha ku Chilwa. Akazi awo anali atamwalira, ndipo mwambo wa pamudzipo unali wosavuta kuumva. Mwamuna wofedwa sameta, sapesa, sakwatira, sasamuka, kufikira abale a malemu atamumeta ndi manja awo nkumusudzula, ndiko kumumasula kuti apite kumene afuna. Akadzimeta yekha, kapena akametedwa ndi munthu wapadera, ndiye kuti wanyoza malemu, ndipo palibe banja lanzeru lingamupatse mkazi. Tonse tinali Akatolika, ndipo ansembe ankaudzudzula mwambowu pa guwa. Koma ansembe sakwatira.

Kawirikawiri kumetako sikunkachedwa. Kwa amalume kunachedwa chifukwa mwini lumo anali alamu awo, mlongo wa malemu, munthu amene msana wake unkadwala nthawi yolima nkuchira nthawi yogulitsa. Amalume ndiwo ankagalauza dambo, kuwokera mbande, kupalira ndi kuingitsa mbalame. Kuwameta kunali kutaya khasu labwino koposa la pamudzipo. Tsono zifukwa sizinkatha. Chimera cha thobwa la pamwambo sichinamere bwino. Mchemwali wina ali ku Zomba. Mvula yayamba, anthu ali kumunda. Mvula yatha, anthu atopa. Mpunga unakololedwa, unadzalidwanso, unakololedwanso, amalume ali chilirire.

Tsitsi lawo silinkatsika, linkakwera. Linayamba ngati chisa cha mpheta, nkufika ngati chulu. Pofuna kulibisa anagula chipewa choluka cha ubweya, chonga cha alonda, ndipo m'mawa uliwonse ankalikanikizira mmenemo ndi manja awiri monga mmene timadzazira thonje m'thumba.

Nditapita kukawaona, ndinaganiza zothetsa nkhaniyi ndi lamulo. Ndinawapeza alamuwo atagona chafufumimba pamkeka, amalume akupuntha mpunga chapafupi. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti chikalata cha maiko chimati munthu wamkulu aliyense ali ndi ufulu wokwatira ndi wokhala kumene afuna, ndipo malamulo aakulu a dziko lathu amachivomereza.

"Anagwirizana zimenezi ndani, anyuzi?" anafunsa alamuwo. Ankanditchula choncho chifukwa cha ntchito yanga.

"Maiko onse, bambo."

"Onse?"

"Pafupifupi onse."

"Ife a kwa Mposa anatifunsa?"

"Boma linativomerera."

"Zili bwino. Mukawauze maikowo kuti mbalame zayamba kugwa kumunda wa kumtunda. Abwere awiri okha adzaingitse. Akafika, amalume anuwa ndiwameta tsiku lomwelo."

Amalume anangowonjezera mphamvu pa mpunga.

Chimene chinkawapweteka si kuyabwa kwa mutu. Pa msika wa Ntaja panali mayi wina wamasiye wogulitsa thobwa, Mkatolika mnzathu, amene abale a mwamuna wake anali atamusudzula kale bwinobwino. Iye ndi amalume anali atamvana, ndipo ankangodikira lumo. Koma ayufi, achinyamata a chipani ovala malaya ofiira, anali atayamba kuima pa chipata cha msikawo ndi sizasi, motero amalume analeka kupitako. Pamene iwo ankabisala, telala wina wa ku Nselema anayamba kumva ludzu la thobwa tsiku lililonse la msika. Kenaka uthenga unafika kwa Mposa podzera mwa wogulitsa matemba. Mayiyo ankati chipewa wachiona mokwanira, tsopano akufuna kuona mutu, ndipo mvula ikagwa mutuwo asanauone, amuyankha telala.

Amalume anati palibe kuchitira mwina, apite akamupemphe kuti awonjezere kuleza mtima. Koma ayufi akawagwira nkuwameta, zonse zikhala zatha: alamu adzati malemu anyozedwa, kusudzula sikudzachitika, ndipo mayiyo sadzaloledwa ndi abale ake kukwatiwa ndi munthu wotero.

Apa ndi pamene ndinatulutsa lula yanga yoyezera. Ndinawaimiritsa amalume chilili kuseri kwa nkhokwe, nditawavula chipewa, ndipo ndinawamanga chingwe kuzungulira mutu podzera pakamwa. Ndinayeza kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Tsitsi lonse linali pamwamba pa chingwe. Lamulo linkaletsa tsitsi lotsika, lokwera silinalitchule.

"Amalume, mwalamulo mulibe mlandu," ndinatero.

Iwo analavula chingwe. "Nanga ayufiwo lamuloli analiwerenga, mphwanga?"

"Ndikawawerengera."

Tsiku la msika alamu anatsogola pa lole ndi matumba a mpunga, pakuti kugulitsa sankatuma munthu. Ife tinatsatira pa njinga, titanena pamudzi kuti tikupita kuchipatala. Unali mwezi wa Okutobala. Pofika pa Ntaja dzuwa linali litakwera, fumbi lili m'mano, ndipo thukuta linkatuluka m'chipewa cha amalume ngati madzi a m'dengu.

Pa chipata ayufi anaona makhadi athu a chipani, onse anali bwino. Tinali titadutsa pamene tcheyamani wawo anatiitananso. Anali munthu wamfupi, Msilamu, amene masiku ena ankagulitsa nsomba zouma pamsika womwewo. Sizasi yake ankaimangirira chingwe nkuikoleka m'khosi ngati wezulo ya woimbira mpira. Anayamba kulankhula m'Chiyao, ataona kuti amalume akungomwetulira anasinthira ku Chichewa.

"Madala, mukumva kuzizira?"

"Malungo, bambo."

"Malungo ake ngakumutu kokha? Tavulani tione."

Amalume anandiyang'ana. Ine ndinagwedeza mutu molimba mtima, ndipo iwo anavula.

Poyeza paja ndinayeza tsitsi lopuma, louma, la m'mawa. Limene linatuluka m'chipewa pa Ntaja linali litakanikizidwa ulendo wonse ndipo linali litanyowa. Linagwera pamakutu ndi pakhosi ngati udzu wa denga lakale, kupyola pakamwa, kupyola chibwano. Amayi ogulitsa tomato anayamba kuseka, a mandasi anatsatira, ndipo anthu anatizinga. Kuseri kwa gululo ndinaona mayi wa thobwa ataimirira ndi chikho m'manja. Mutu uja anali akuuona tsopano.

Tcheyamani anamasula sizasi. Ine ndinapita patsogolo nkufotokoza za mzere wa pakamwa, mawu ndi mawu monga mmene ndinawawerengera. Ndili mkati molankhula, dzuwa linayamba kugwira ntchito yake. Tsitsi lija, pouma, linayamba kudzuka. Linachoka pakhosi, linasiya chibwano, likukwera pang'onopang'ono anthu onse akuona.

"Dikirani pang'ono, atcheya," ndinatero. "Likukwera. Posachedwa likhala mkati mwa lamulo."

"Lamulo silidikira tsitsi," anayankha tcheyamani. "Pamene ndinaliona linali pansi. Khalani apa, madala."

Anawakhazika pa chitini chovundikira. Amalume anakhala, manja ali pamaondo, ndipo analankhula motsitsa mawu, koma aliyense anamva.

"Bambo, ndi la maliro."

Kuseka kunatha. Tcheyamani anaima sizasi ili yotsegula.

"La maliro a ndani?"

"A akazi anga. Abale awo sanandimete."

Tcheyamani anayang'ana tsitsi, nkuyang'ana anthu. "Ife Asilamu zimenezi tilibe," anatero. "Munthu akafa timaika, timachita sadaka, basi. Ine zoterezi sindiziopa." Anatembenukira kwa myufi amene anali naye pafupi nkumupatsa sizasi. "Iwe, meta."

"Atcheya, kunyumba kwanga ngoyembekezera."

Sizasi inapita kwa wachiwiri. Iye anati chala chake chili ndi bala, ndipo anayamba kulifunafuna. Wachitatu anailandira, anayandikira ndithu, kenaka anawerama nkufunsa amalume ngati malemuwo anali aukali.

"Iyayi," anatero amalume. "Anali munthu wabwino. Kungoti sankaiwala."

Sizasi inabwerera kwa mwini wake.

Tsopano tcheyamani anali pa mpanipani. Kuwamasula amalume ndi tsitsi lotero, msika wonse ukuona, sakanatha. Kuwameta, palibe ankafuna. Mwanzeru ndikanakhala chete nkusiya malemu agwire ntchito imene anali ataiyamba bwino. Koma ndinaona ngati mpata wafika. Ndinanena kuti ngakhale tsitsi likanakhala lopyola mzere, kumeta munthu pagulu popanda kumuzenga mlandu ndi kumuchotsera ulemu, zimene chikalata cha maiko a dziko lapansi chimaletsa, ndipo malamulo athu aakulu amatiuza kuchilemekeza.

Nkhope ya tcheyamani inasintha. Anthu amene anali pafupi nane anayamba kusuntha, ndipo ndinapezeka ndili ndi malo ambiri oimapo.

"Maiko ati?" anafunsa pang'onopang'ono. "Mumayankhulana ndi maiko akunja, achimwene?"

Masiku amenewo funso lotere linkatha kumufikitsa munthu kumalo kumene abale ake sankauzidwa. Sindidziwa chimene ndikanayankha, chifukwa nthawi yomweyo gulu linang'ambika pakati ndipo alamu anatulukira akuthamanga. Wina anali atawauza ku mzere wa mpunga kuti ayufi akumeta mkamwini wa kwa Mposa. Sindinaonepo msana wawo uli wowongoka chomwecho.

"Musalikhudze," anatero akupuma mwawefuwefu, ataima pakati pa sizasi ndi mutu. "Tsitsi ilo si lake. Ndi lathu."

"Inu ndinu ndani, bambo?"

"Mlongo wa malemu. Mwini mbumba ndine. Tsitsi limeneli woti nkulimeta ndine ndekha, pa tsiku limene ndasankha ine. Iyeyu amangolinyamula."

Tcheyamani anatseka sizasi. Ndinaona mapewa ake akutsika ngati a munthu amene watula katundu.

"Munenenso, anthu amve. Ndi la ndani?"

"Ndi lathu."

"Ndipo analisunga mpaka kufika apa ndani?"

"Ife. Mwambo wake ngotero."

"Tandiuzani, bambo, inu ndinu wamkulu. Mbuzi ikadya mmera wa eni, mlandu ngwa mbuzi kapena ngwa mwini mbuzi?"

Alamu anayamba kuyankha, nkuimira pakati. Amayi a tomato anawamalizira: "Ngwa mwini."

"Ndiye madalawa alibe mlandu," anatero tcheyamani. "Iwo amangonyamula. Wosunga tsitsi loswa lamulo la boma ndinu, ndipo mwavomera pamaso pa msika. Musankhe: mulimete lero lino, kapena titsagane kupolisi mukafotokoze chifukwa chimene mukulimbana ndi boma."

Alamu anagwira msana. Anati zinthuzi sizichitika chomwecho, pamafunika abale. Tcheyamani anafunsa ngati pali anthu a kwa Mposa pamsikapo, ndipo manja anakwera kuchokera ku mzere wonse wa mpunga ndi wa matemba, pakati pawo pali mchemwali uja amene ankati ali ku Zomba. Alamu anati lumo analisiya kumudzi. Wa okala ina anabweretsa lezala latsopano lili m'pepala lake. Pomaliza alamu anatulutsa chifukwa chawo chachikulu: popanda thobwa, mwambo sungatheke, ndipo chimera sichinamere.

Apo mayi uja anadutsa pakati pa anthu atasenza ndowa yonse ya thobwa lake, anaitula pamapazi pa alamu, anagwada pang'ono mwaulemu, nkubwerera kumene anaima.

Mwambo unachitikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ayufi ataima mozungulira koma chapatali ndithu. Alamu ananyowetsa mutu nkuyamba kumeta. Tsitsi linkagwa m'zigamba zazikulu, ndipo mchemwali wa malemu ankalitolera m'chipewa chija kuti lisabalalike. Pofika pa mawu omasula, alamu anayamba kung'ung'udza. Tcheyamani anawauza kuti akweze mawu, malemu amve.

"Mlongo wanga," anatero alamu, "mwamuna wako tamumasula. Wakulira mokwanira. Anakusunga bwino. Apite kumene afuna, usamutsate."

Amalume, amene sindinawaone akulira ngakhale pa tsiku loika maliro, anaphimba nkhope ndi manja. Palibe anaseka. Mchemwali wa malemu analira nawo, ndipo chikho cha thobwa chinayamba kuyenda. Ayufi anamwa nawo, kuphatikizapo wa bala uja. Kenaka tcheyamani anawapatsa alamu chipewa chodzaza ndi tsitsi nkuwauza kuti atenge katundu wawo.

Ine ndinali nditayamba kukankhira njinga yanga cha kumsewu pamene ndinamva akundiitana.

"Achimwene a maiko, tabwerani."

Amalume anaimirira, mutu uli mbee, nkupita kwa tcheyamani. "Musamumvere uyu, bambo. Ndi mwana wa mlongo wanga. Sukulu inamupweteka. Maiko amene amanenawo sanafikeko, ngakhale ku Mozambique kuno sakudziwako."

Tcheyamani anandizungulira akuyang'ana mutu wanga. Tsitsi langa linali lopesedwa bwino, la ku Blantyre, lotalikirana kwambiri ndi pakamwa.

"Lanuli silinapyole mzere wanu uja," anatero.

"Silinapyole, atcheya."

"Ndi la maliro?"

"Iyayi."

"Lili ndi eni ake?"

"Ndi langa."

"Lanu nokha?"

"Langa ndekha."

"Ndiye palibe vuto. Khalani apa."

Anandidula msewu kuchokera pachipumi mpaka pankhongo, wotakata bwino, nkusiya mbali ziwirizo kuti ndikamalize ndekha. Msika unasekanso, ndipo ndinaulola useke. Ndinkadziwa kuti ndapulumuka ndi chilango chochepa. Ndinkadziwa anthu amene anasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa anga, ndipo ayufi omwewo amene anamwa thobwa tsiku limenelo ankamenya anthu pa chipata chomwecho masiku ena. Sizasi imeneyo ndinaiona ikumasula munthu kamodzi kokha, ndipo inatero mwa kuopseza munthu wina.

Nkhaniyi sindinaitumize ku nyuzipepala. Sabata imeneyo ndinalemba za thonje. Koma ndinabwerera ku kabati ya kalaliki, nditavala chipewa, nkuwerenganso chiganizo chija cha m'malamulo aakulu. Chinali chidakalipo, chosasintha. Sichinanene kuti munthu akalakwiridwa apite kuti, akadandaule kwa yani, kapena ndani angagwire dzanja la wonyamula sizasi. Pa Ntaja tsiku lija panali mitu iwiri. Wina unatetezedwa ndi mayi wakufa amene sankaiwala. Winawo unali ndi maiko onse a dziko lapansi kumbuyo kwake, ndipo unabwerera ku Balaka uli ndi msewu pakati. Patapita zaka zambiri, chipani chimodzi chitatha, malamulo aakulu atsopano anabwezeretsa mutu wa maufulu, natchulanso makhoti amene munthu angathamangireko, ndipo lamulo la tsitsi linafafanizidwa. Pofika nthawiyo tsitsi langa linali litayamba kuchoka lokha.

Ukwati unachitika mvula isanagwe, ku tchalitchi cha kufupi ndi Ntaja. Diresi anasoka telala wa ku Nselema, ndipo analisoka bwino. Alamu anabwera, atatsamira ndodo, nkudya mokwanira. Madzulo, anthu akubalalika, anawakokera amalume pambali ine ndili pomwepo. Anati chibale sichitha ndi lumo, ndipo munda wa kumtunda ukufunika kugalauza. Kodi sangabwere masiku ochepa okha kudzathandiza, popeza msanawu wayambiranso?

Amalume anasisita mutu wawo, umene kuyambira tsiku lija ankaumeta Loweruka lililonse.

"Alamu, ine munandimeta," anatero. "Zimenezo kambani ndi maiko onse."